Anandiperekeza Kudoko la Anangumi

Tadala, tsitsa foniyo pang'ono. Iwenso Yamikani, sendera kuno, bondo langali sililuma. Mwakhala mukundiseka chifukwa cha chithunzi chili pakhomacho, ati agogo anapita kukaona anangumi koma nkhope ili ngati ya munthu amene waberedwa njinga. Sindinakwiye tsiku limenelo, ana inu. Ndinkaopa. Ndikuuzani chimene ndinkaopa, ndipo ndikuuzani m'Chichewa. Mukafuna kufunsa m'Chingerezi chanu chothamangacho funsani, bola makutu akhale a kwathu.

Ine ndinabadwa wamanyazi. Kusukulu ya kumudzi kwathu ku Dowa, kumene tinkayamba kulemba ndi chala padothi tisanapatsidwe sileti, aphunzitsi ankandikonda chifukwa sindinkavuta. Akafunsa kuti mwamva nonse, woyamba kugwedeza mutu ndinali ine, ndimve ndisamve. Chilichonse ndinkalandira ndi manja awiri, ngakhale chibalo. Khalidwe limenelo ndakalamba nalo, ndipo ndi limene linandifikitsa kumalekezero a dziko.

Koma ndiyambe ndi bambo anga, kuti mumve bwino. Bambo anga anali mkamwini. Kwathu mwamuna akakwatira ankapita kukakhala kumudzi kwa mkazi wake. Ankamanga nyumba kumeneko, kulima, kudzala mango, koma mudzi sunali wake, ndipo ana anali a kuchikazi. Mkazi akamwalira, pakapita miyezi, abale a mkaziyo ankachita mwambo wa kusudzula, ndiye kuti kumumasula mwamunayo kuti abwerere kwawo. Mayi anga anamwalira ine ndili kamnyamata, ndipo tsiku losudzula bambo ndinaliona ndi maso angawa. Palibe amene anakalipa. Anawaphera nkhuku. Anawathokoza kuti anasunga bwino mlongo wawo. Anawapatsa malaya a kaki atsopano, fungo la m'sitolo likadalipo. Kenako amalume anga anawanyamulira mphasa ndi nkhwangwa n'kuwaperekeza mpaka pamtsinje. Amalume anabwerako okha. Mango amene bambo anadzala tinatsala tikudya ndife.

Ndiye ndinakula ndikudziwa kuti munthu akamachotsedwa mwaulemu amamudyetsa bwino, amamuveka zatsopano, ndipo samulola kuyenda yekha.

Nanenso nthawi itakwana ndinakakhala mkamwini ku Kasiya, kwa agogo anu aakazi, a Nambewe. Ntchito yanga inali utelala. Ndinkasokera pakhonde la sitolo, ndi makina opalasa ndi mapazi komanso nsimbi ya makala. Inu malaya akang'ambika pang'ono mumaponya m'bini. Ife kolala ikaperepeseka tinkaimasula n'kuitembenuza, shati n'kukapemphereranso Lamlungu. Nyengo yogulitsa fodya ndinkasoka mpaka msana kuuma, nyengo ya mvula zinkabwera zigamba zokhazokha. Pakamwa panga panali a Nambewe. Munthu akabwera ndi nsalu yokwana kabudula n'kumafuna suti, ine ndinkavomera. A Nambewe ndi amene ankatuluka n'kumuuza kuti bambo, zimenezo kulibe.

Kuno ku Wakefield tinabwera iwe Tadala utabadwa, chifukwa mayi ako anali pa mashifiti kuchipatala ndipo wokulera panalibe. Tinkati tikhala pang'ono. Pang'onopo panabadwa Yamikani, tsitsi langa linayera, a Nambewe anadwala. Atamwalira tinanyamula thupi lawo kupita nalo ku Kasiya. Titaika maliro, mlongo wawo a Gelevazio, amene ndi mwini mbumba kumeneko, ananditengera pambali. Anati, "Alamu, za mwambo uja tidzakambirana misozi ikauma." Ndinagwedeza mutu, monga mwa masiku onse. Ndege inandibweza kuno mawu amenewo ali pamtima.

Miyezi yotsatira ndinkangokhala pampando uno. Yamikani, ukukumbukira kuti popita kusukulu unkandiyatsira wailesi ya kanema n'kundisiyira tchanelo cha nyama? Kosinthira kaja kali ndi mabatani ambirimbiri, ndipo ndinkaopa kuti ndikadina polakwika ndiwononga katundu wa eni ake. Ndiye ndinkaonera chimene chabwera, ndipo zobwerabwera zinali zinsomba zikuluzikulu zija, anangumi. Mayi anu akaweruka ankandipeza maso ali pomwepo.

"Adadi, mukuzikonda zimenezi?"

"Zabwino kwambiri, make Tadala."

Nanga ndikanati chiyani?

Lamlungu lina titachoka kutchalitchi, mayi anu anakhala pansi pafupi ndi mpando wanga. "Adadi, takukonzerani ulendo. Mukwera sitima ya pamadzi ku Liverpool, mupita kumpoto kwenikweni, kudoko kumene kale ankapha anangumi. Mukawaona ndi maso anu."

"Kuli maliro a ndani kumeneko?"

"Kulibe maliro, adadi."

"Ukwati?"

"Ndi holide chabe. Mukangoona dziko."

Kwathu munthu sayenda ulendo wopanda kanthu kumapeto kwake. Pamakhala maliro, ukwati, chipatala kapena msika. Ndinathokoza ndi manja awiri, koma kuyambira tsiku limenelo maso anga sanaphethire. Ndinaona mayi anu atenga pasipoti yanga, ati akadinditse. Foni ikalira ankalowa nayo kukhitchini n'kutseka chitseko, ndipo kangapo konse ndinamva akuti "amalume". M'banja lino amalume ndi amodzi, a Gelevazio. Anandigulira nsapato zazitali zaubweya m'kati, masokosi okhuthala, chipewa chophimba makutu. Ndinadzifunsa kuti anthu amene amakangana za kuyatsa hita yotenthetsera m'nyumba, mtima wolipirira nkhalamba sitima aupeza kuti? Kenako ndinamva kuti mayi anu sapita nawo, kuntchito awakaniza tchuthi, wondiperekeza akhala bambo anu. Ndipo inu mukudziwa kumene bambo anu amagwira ntchito: kunyumba yosungirako okalamba. Madzulo oti mawa tinyamuka patebulo panabwera nkhuku yachikuda, yolimba ija imene amakagula ku Leeds pa Khirisimasi pokha. Inu munkanyambita zala. Ine ndinadya ndikukumbukira nkhuku imene anawaphera bambo anga.

Musaseke. Mukanakhala ine mukanaganiza chiyani?

Tinakwera sitima ya pamtunda mpaka ku Leeds, n'kusintha ina ya ku Liverpool. Ulendo wanga woyamba wautali, ndili mnyamata, ndinayamba pa ngolo ya ng'ombe, kenako basi imene nkhuku ndi njinga zinkakwera padenga, ndipo kamba wanga anali chinangwa chootcha chokulunga m'tsamba. Uwu unali ulendo wa mipando yofewa, koma wa ngolo uja unali wopepuka chifukwa ndinkadziwa kumene ukuthera. Bambo anu anandinyamulira sutikesi njira yonse. Ndikati ndithandize ankati, "Ayi bambo, siyani." Ndinkangoona amalume anga ndi mphasa ija.

Sitima ya pamadziyo sinali ngati zinyumba zoyandama zimene mumaona pa kanema. Inali yocheperapo, yolimba mphuno, yopangidwira kudutsa m'madzi oundana. Pakhomo anandijambula nkhope n'kundipatsa kakhadi, ati ndizikaonetsa pamakina potuluka ndi polowa kuti adziwe amene ali m'kati. Pasipoti anatenga antchito a m'sitimawo kuti asunge. Titalowa m'chipinda chathu ndinapeza pabedi panga jekete yofiira yatsopano, ikadali m'pepala lake. Bambo anu anati aliyense amapatsidwa, ndi mphatso ya sitima. Ndinaitembenuza monga telala. Msoko wake unali wowirikiza, zipi yake yolimba, chovala choti munthu n'kukhala nacho zaka m'dziko lozizira. Ndinati mumtima, malaya a kaki aja ndi awa.

Chinanso muyenera kudziwa, bambo anu kwa ine ndi apongozi, ndipo kwathu apongozi amapatsana ulemu wa patali. Zaka zonsezi m'nyumba muno tinkapatsana moni, kukamba za mvula ndi za mpira, basi. Tsopano anatiika m'kachipinda kamodzi, mabedi awiri oyandikana ngati mizere ya mbatata. Aliyense ankakavulira kubafa. Sitima itayamba kugwedezeka kupitirira Scotland, ndinasanza pamaso pa apongozi anga, ndipo iwo anandigwirira kathumba, n'kundipukuta pakamwa ndi dzanja lozolowera. Ndinaona kuti ntchito yawo amaidziwa. Zimenezo sizinanditonthoze ayi.

Chakudya chinali chambiri moti ndinayamba kuchikayikira. M'mawa tebulo lodzaza, masana lodzaza, pakatikati tiyi ndi makeke. Antchito ankandiitana dzina langa ndisanawauze. Kumudzi ng'ombe imene ayamba kuipatsa madeya yokha imadziwa kuti zinthu sizili bwino. Mafoni anasiya kugwira. Ndiye dzuwa nalonso linayamba mwano: linkatsika mpaka pafupi ndi madzi, n'kuima, n'kuyambanso kukwera, osalowa. Ndinafunsa bambo anu kuti anthu a kuno nkhuku zawo zimalowa m'khola nthawi yanji. Anaseka, koma ine ndinkafunsa zenizeni. Ndinkafuna kudziwa dziko limene ndikukakhala.

Anzathu m'sitimamo anali azungu achikulire, ambiri okhala ndi makamera aatali ngati misi. Anali aulemu. Mayi wina wa ku Salford ankandisungira mpando pa maphunziro amene ankachitika masana, pamene mtsikana wina wa m'sitima ankafotokoza mbiri ya anangumi. Ndi Chingerezi changa cha pa sileti ndinkatolako. Ankati kale mafuta a nangumi ndi amene ankayatsira nyali m'mizinda ya kuno, ndipo mafupa ena ofewa a m'kamwa mwake ankalimbitsira zovala za akazi. Pamenepo ndinatchera khutu, poti ndi nkhani ya utelala. Ndinakumbukira koloboyi wathu wa palafini, ndi mafuta a nsatsi amene agogo anga ankatenga pophika nthanga zake mumphika n'kuwengula pamwamba. Anthu kulikonse avutikira kuwala.

Nangumi weniweni tinamuona tsiku lina m'mawa. Kunamveka mawu pa chimkuzamawu, anthu onse n'kuthamangira panja. Madzi anatumphuka, panatuluka msana wakuda ngati chulu chonyowa, unapuma utsi wa madzi m'mwamba, kenako mchira waukulu kuposa chitseko cha tchalitchi unaimirira n'kumira pang'onopang'ono. Mayi wa ku Salford uja analira misozi. Bambo anu anatembenuka kundiyang'ana. "Bambo, mwamuona?"

"Ndamuona, apongozi. Zabwino kwambiri."

Zoona zake, ndinkayang'ana nkhope yawo, kufuna kuona ngati ali ndi chisoni cha munthu amene watumidwa ntchito yovuta. Ndipo chinalipo. Munthu uja panali chimene ankabisa. Pamenepo sindinalakwe.

Tsiku lofika padoko ndinadzuka nditakonzeka. Dzina la malowo musandifunse, lili ndi zilembo zokhala ndi timizere ndi timadontho, lilime langa linakana. Bambo anu ali kubafa, ndinatenga kachikwama ka kumsana n'kuikamo mankhwala anga onse, Baibulo, sizasi yanga yakale, ndi chitenje cha a Nambewe chimene ndimagona nacho kumutu. Ndinavala masokosi onse. Ndinayala bedi bwinobwino kuti asadzanene kuti nkhalamba ija inasiya uve. Ndinaganiza kuti ngati ana afika pamenepa, ine ndisawavutitse. Bambo anga sanavutitse munthu.

Sitima sinafike kumtunda. Inaima patali, ife anatitsitsira m'timabwato ta mphira, atativeka zoyandamitsa m'khosi. Potuluka kakhadi kanga kanalira pamakina. Ndinati basi, andifafaniza.

Ana inu, dziko lija lilibe mtengo ngakhale umodzi. Mapiri akuda, zigamba zoyera za madzi oundana pamwamba, pansi tinyumba ta matabwa tofiira ndi tachikasu titatsamira miyala ngati nkhuku zobisala mphepo. Mphepo yake imaluma mano. Panali fungo la nsomba zimene anazipachika pa mathandala aatali kuti ziume ndi mphepo yokha, popanda moto kapena dzuwa lotentha. Agalu anali omangidwa, ndipo sanatiuwe n'komwe.

Anatilandira mayi wina wokalamba wa komweko, wamfupi, wovala juzi yoluka pamanja. Anatitsogolera kumapeto kwa doko kumene kunali malo ophera anangumi. Kunatsala chitsetse chachikulu cha matabwa chotsikira m'madzi, pamene ankakokera nyamayo kumtunda ndi maunyolo. Kunali matanki adzimbiri, ndi miphika yachitsulo yoti inu awiri n'kusambiramo. Kunali mfuti yaikulu yoponyera mkondo, italoza kunyanja mpaka lero. Mayiyo anati bambo ake ankagwira pamenepo, ankayenda pamsana pa nangumi ndi nsapato zamisomali n'kumasenda mafuta ndi mpeni wa mpini wautali ngati khasu. Anati nthawi imeneyo madzi a padoko ankafiira, fungo linkalowa mpaka m'buledi, koma palibe ankadandaula chifukwa linali fungo la ntchito. Kenako anangumi anachepa, ntchito inatha, amuna ambiri anachoka. Analankhula mosadandaula, ngati munthu wonena za munda umene unaguga.

M'mphepete mwa madzi munali mafupa, oyera, ena aatali kuposa ngolo. Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Anachotsa mafuta, mafupa n'kuwasiya pamene anagwera. Ndinaganiza za ana amene ndawalera, matewera amene a Nambewe anachapa, mayunifolomu anu amene ndinkafupikitsa ndi singano pawindo. Sindikunena kuti maganizo amenewo anali abwino. Ndikunena kuti ndi amene anabwera.

Kuseri kwa katchalitchi kunali manda. Mayi uja anatisonyeza mitanda ya amuna ochokera m'maiko ena, amene anabwera kudzagwira ntchito ya anangumi n'kufera konko, kwawo osabwererako. Pachipata cha tchalitchicho anaimika nsagwada ziwiri za nangumi, zitakumana pamwamba ngati khomo. Ndi pamene bambo anu anati, "Bambo, taimani apo ndikujambuleni, ana akaone." Chithunzi chanu chija ndi chimenecho. Ine ndinamva kuti akufuna chokakusonyezani pofotokoza kumene anasiya agogo.

Titatsika kuchoka kutchalitchi, anthu anabalalika, ena kukagula zoluka, ena kukamwa khofi. Bambo anu anaima pa nyumba ina yaitali yoyera, ya mawindo aakulu oyang'ana kunyanja. M'mawindomo munali nkhalamba zitakhala pamipando, mabulangete pamiyendo. Mmodzi anandikwezera dzanja. Bambo anu anayamba kujambula khomo, njira ya njinga za olumala, zogwirira m'mbali. Panatuluka mtsikana wovala yunifolomu, anayamba kucheza, akuloza m'kati, akuloza ine. Kenako bambo anu anabwera akumwetulira.

"Bambo, akuti tikhoza kulowa. Tiyeni mukaone m'kati mmene mulili, ndi mwabwino zedi."

Panali mwala pafupi, ndinakhalapo. Ndinavula chipewa, ngakhale makutu ankauma, chifukwa nkhani ngati imeneyi sakambira m'chipewa.

"Apongozi, takhalani pansi."

Ananjuta patsogolo panga.

"Ndamva, ndipo sindikukana. Mwandisunga bwino. Nkhuku ndinadya, chovala ndalandira, mwandiperekeza mtunda wautali kuposa umene anaperekezedwa bambo anga. Ndili ndi mapempho awiri okha. Loyamba, mawu ondimasula anene a Gelevazio ndi pakamwa pawo, ngakhale pafoni, chifukwa inu si mwini mbumba. Lachiwiri, ndikadzafa musadzandiike kuseri kwa katchalitchi kaja. Kuzizira kumeneku sindingakupirire mpaka tsiku lachiweruzo."

Bambo anu anandiyang'ana, n'kuyang'ana nyumba ija, n'kuyang'ana kachikwama kanga kotupa. "Bambo, m'chikwamamo muli chiyani?"

"Zanga."

Anakhala pansi penipeni, pamiyala yonyowa. Anagwira kumutu. "Mukuganiza kuti ndabwera kudzakusiyani kuno?"

"Nanga mukujambuliranji khomo?"

"Kuntchito kwathu khomo ndi lopapatiza, njinga za nkhalamba zimakodwa. Ndimafuna ndikawasonyeze abwana. Bambo, dziko lino si lathu, si la Angerezi. Ndingasiye bwanji munthu? Angandimange ndisanafike pabwato."

"Apongozi, ine ndakalamba koma sindine mwana. Make Tadala amatseka chitseko akamalankhula ndi amalume ake. Inu maso anu akhala akundithawa chichokereni ku Liverpool. Chilipo."

Mbalame zoyera za kunyanja zinkalira pamwamba pa mathandala a nsomba. Kenako bambo anu anati, "Chilipo. Koma anandiletsa kunena."

"Mkazi wanu ali kutali. Nenani."

Ndiye ananena. A Gelevazio anakhala akuimba foni miyezi yonseyi kuti misozi yauma, alamu abwere tidzawasudzule. Anasankha mwezi, anauza abale, anati tikiti asonkherana. Mwezi wake unali womwewo umene ife tinali panyanja. Mayi anu anakana. Anati adadi ndikuwadziwa, akakangomva kuti ndinu omasuka pitani kwanu, agwedeza mutu, akwera basi ya ku Dowa, ndipo sitidzawaonanso. A Gelevazio anati ndiye ndiwaimbira eni akewo. Pamenepo mayi anu anafunafuna malo amene foni singafike, n'kukumbukira kuti adadi amakonda anangumi.

"Ndiye mwandibisa," ndinatero. "Ngati mwana wothawitsidwa jakisoni."

"Ine ndinangotumidwa, bambo. M'nyumba muja inenso ndine mkamwini. Akati nyamula sutikesi, ndimanyamula."

Ndinafuna kukwiya koma mphepo sinandipatse mpata. Ndinavalanso chipewa. Bambo anu anandiyang'ana cham'mbali. "Koma anangumiwo mumawakonda, eti?"

"Apongozi, ine sindidziwa kusintha tchanelo."

Munthu uja anaseka mpaka kugona chagada pamiyala, mtsikana wa yunifolomu n'kutulukanso kudzaona ngati wakomoka. Nanenso ndinaseka, koyamba kuseka ndi apongozi anga mano onse pamtunda. Komabe musaganize kuti ndinakhulupirira pomwepo. Pobwerera ndinakwera bwato loyamba, ndinakhala pakati, dzanja langa litagwira lamba wa bambo anu. Mtima unatsika pamene kakhadi kanalira pakhomo la sitima, mnyamata wa pamakina n'kunena kuti takulandiraninso.

Masiku obwerera ndinali ndi nthawi yoganiza, poti usiku kunalibe. Mayi anu anachita zimenezo chifukwa cha chikondi, sindikana. Koma mwambo si ngongole ya kusitolo yoti ungaizembe podzera njira ina. Anthu a ku Kasiya anandipatsa mkazi, anandipatsa munda, anandisunga. Kuwathawa kukanakhala kunena kuti zaka zonsezo ndinali wakuba. Ndiponso munthu wosasudzulidwa amakhala ngati malaya odulidwa koma osasokedwa, sali nsalu, sali chovala. Ndi mmene ndinkakhalira pampando uno miyezi yonse ija.

Titafika, mayi anu anatichingamira ndi chimwemwe. "Adadi, mwawaona anangumi?"

"Ndawaona. Make Tadala, uwaimbire amalume ako. Loweruka likubwerali andisudzule."

Anayang'ana bambo anu. Bambo anu anayang'ana sutikesi.

"Adadi, simukudziwa chimene mukunena."

"Kwa nthawi yoyamba ndikudziwa. Imba."

Loweruka limenelo inu tinakutumizani ku mpira, n'chifukwa chake simukuzidziwa. Mayi anu anaimika foni patebulo, itatsamira botolo la maluwa. Mbali inayo a Gelevazio anakhala pakhonde la nyumba imene ndinamanga ndi manja anga, abale atawazungulira, ena akukankhana kuti aoneke. Mawu ankaduka n'kubwereranso. Anandithokoza kuti ndinasunga mlongo wawo mpaka tsiku lomaliza. Anati palibe mlandu, palibe mangawa. Kenako anati, "Alamu, takumasulani. Ndinu mfulu. Mukhoza kupita kwanu."

Ndinawomba m'manja mwaulemu. Ndinanyamuka, n'kutenga chikwama changa chimene ndinali nditalongedza.

"Adadi, mukupita kuti? Zatha."

"Sizinathe. Wosudzulidwa amatuluka. Ndipo wa kuchikazi amamuperekeza. Kuno wa kuchikazi ndiwe."

Kunja kunkawaza mvula. Tinayenda mpaka pamalo okwerera basi apo pakona, mayi anu atanyamula chikwama. Ndikuuzeni zoona, ana inu, sindinkadziwa chimene ndichite. Ku Dowa kuli manda a bambo anga ndi adzukulu a abale amene sadziwa nkhope yanga. Koma m'nyumba muno ndinalowa ngati mwamuna wa a Nambewe wodzathandiza kulera, ndipo ntchito imeneyo inali itatha. Moyo wanga wonse ndinkavomera zinthu ndisanafunsidwe. Tsiku limenelo ndinafuna ndifunsidwe.

Basi inabwera. Chitseko chinatseguka, dalaivala akutiyang'ana. Ndinatambasula dzanja kuti andipatse chikwama. Mayi anu sanandipatse. Anagwada pansi pomwepo, pa simenti yonyowa, ndi diresi lawo labwino, anthu a m'basi akusuzumira pamawindo.

"Adadi, kwa amayi mwachoka. Tsopano ndikukupemphani ine. Tiyeni kwanga."

"Ndikakhale ngati ndani?"

"Ngati bambo anga. Nyumbayo si ya mbumba ya munthu, ndi yanga ndi bambo a Tadala. Palibe amene adzakuperekezeni."

Dalaivala anafunsa ngati tikukwera. Ndinamuyankha ndekha, m'Chingerezi changa cha pa sileti, kuti ayi, zikomo, apite. Aka kanali koyamba kukana chinthu chimene munthu wandiimikira.

Tinabwerera mvula itakula. Bambo anu anali pakhomo, atatsegula chitseko chonse. Ndinalowa ndi nsapato zamatope mpaka pampando uno, ndipo mayi anu, amene inu mumawadziwa pa nkhani ya kapeti, sananene kanthu.